Mpanda Wodulidwa ndi Dzanja Lamanzere

Pa anthu onse amene ndinayendapo nawo ulendo, palibe amene anandipsetsa mtima ngati a Yesaya Namalima. Mpaka lero ndikaona nthochi yakupsa kwambiri, yakuda khungu, ndimakumbukira bambo ameneyu ndipo mseru umandigwira.

A Yesaya anali wodulira tiyi pa esiteti imene ine ndinkagwirapo ntchito ya ukalaliki wa pasikelo, kuno ku Thyolo. Anali munthu wamfupi, wowonda, wosayankhulayankhula. Amayi awo anawaberekera panjira pothawa chibalo kwa Apwitikizi, ndiye anakulira m'malaini a esiteti momwemo, ndipo anayamba kugwira mpeni wodulira asanamere ndevu. Ntchito yawo inkafika mvula ikatha, nyengo yozizira. Tiyi amamudula kuti afike m'mawondo, nthambi iliyonse kamodzi kokha, mopendeketsa kuti madzi asakhale pabala, ndipo pamwamba pake pamayenera kukhala posalala ngati tebulo. A Yesaya ankatha kuima kumapeto kwa munda, kuyang'ana mizere, n'kukuuzani kuti uwu wadula ndi uje, uwo wadula ndi uje, ndipo uyo dzulo anamwa kachasu. Sankaphonya.

Koma kuuma manja kwawo! Machesi ankawang'amba pawiri ndi mpeni womwewo kuti bokosi limodzi likhale mabokosi awiri. Kabudula wawo anali ndi zigamba zochuluka moti nsalu yoyambirira inali itasowa. Zaka makumi atatu ali pakati pa tiyi, koma kapu ya tiyi sanaigulepo. Ankati tiyi ndi wodulira, womwa ndi madzi.

Ine ndi iwo anatilumikiza ndi ukwati. Mng'ono wawo Edson anakwatira mlongo wanga Lestina mu 1943, ndipo a Yesaya anali nkhoswe ya kuchimuna, ine ya kuchikazi. Edson nayenso anali wodulira, wophunzitsidwa ndi akulu akewo, koma anali wamanzere. A Yesaya anayesa kumukwapula zala kuti mpeni azigwirira kumanja, zinakanika. Mabala a mzere wake ankapendekera mbali ina, osiyana ndi a anzake onse. Tsiku lina kapitawo watsopano anati mzere wotere ndi wolakwika, n'kumudula malipiro a tsikulo. Edson anatukwana, anatenga mpeni wake, ndipo sabata yomweyo anauyatsa ulendo wa ku migodi ya ku Rodeziya. Makalata anabwera awiri. Kenako zii, zaka khumi ndi ziwiri.

Zaka zonsezo Lestina anali kwathu ku Changata, kulima yekha, kufolera nyumba yekha, osakhala wamasiye komanso osakhala wapabanja. Ine zinkandiwawa kwambiri. Ndiye a Blackson, telala wa pa Masambanjati, amene akazi awo anali atamwalira, atabwera kwa ine kudzafunsa za mlongo wangayo, ndinaona kuti mwayi wafika. Munthu wa makina osokera ndi njinga, wosamwa mowa, ungafunenso chiyani? Vuto linali limodzi. Mwa mwambo wathu, mkazi amene mwamuna wake ali moyo sakwatiwanso pokhapokha mwamunayo atamusudzula ndi pakamwa pake, ankhoswe onse awiri akumva, ndipo apereke kanthu kogwira m'manja kokhala umboni. Kutchalitchi nakonso sakanalola popanda zimenezo. Tsono Edson tikanamupeza kuti?

Mu 1956 munthu wina wa ku Thekerani anabwerako ku migodi, n'kutitsina khutu kuti anamuona Edson m'katauni kena ka mgodi wa golide, kamene anthu akwathu ankangokatcha ku Chigayo. Ndinapita kwa Lestina kukamuuza kuti ine ndi a Yesaya tikupita.

"Mukamuone, achimwene," anatero akupeta nandolo. "Mukamuone ndi maso anu."

Ine ndinangoti wavomera. Sindinafunse zambiri, pajatu ndinali kalaliki, munthu wodziwa zinthu.

Abale a mbali zonse anasonkha ya tikiti ndi ya kamba, n'kuipereka kwa a Yesaya poti ndi akulu. Apa ndi pamene panayambira mavuto anga. Kandalama kanga ndinali nditagulira nsapato zatsopano ndi chipewa, kuti Edson akandione kuti mlongo wa Lestina si munthu wamba. Choncho mimba yanga ulendo wonse inali m'manja mwa munthu wong'amba machesi.

Tinanyamuka mu Seputembala, kudulira kutatha. A Yesaya anafika ndi thumba la makaka, chimanga chokazinga, mkeka, kachitini komwera, ndi mkoko wathunthu wa nthochi zaziwisi. Lole yopita ku siteshoni ya Luchenza inaima pafupi nafe, iwo n'kuibayibitsa.

"Alamu, miyendo tili nayo," anatero.

Musitima tinakhala pa mabenchi a matabwa, anthu thothotho, nkhuku, mitolo, ana olira. Titatsikira kuchigwa kutentha kunatipeza, ndipo nthochi zija zinapsa zonse tsiku limodzi. Munthu wanzeru akanagawira anzake a m'sitima. A Yesaya anati chakudya cha masabata awiri sichigawidwa, komanso sichitayidwa, ndiye tidye. Tinadya nthochi powoloka mlatho wa Zambezi, tinadya nthochi podikira sitima ina ku Dondo, tinadya nthochi zakuda zochucha madzi pamzere woonetsa zitupa ku Umtali. Pa siteshoni iliyonse amayi ankabwera m'mawindo ndi maketulo a tiyi, mabanzi, nsomba zokazinga, fungo lake lolowa mpaka m'mafupa.

"Alamu, kapu imodzi yokha. Tigawana," ndinkachonderera.

"Pampopi paja madzi ndi aulere."

"Ndalama ya kamba anatipatsa kuti tidye!"

"Tikudya."

Ndinkakukuta mano. Chinanso chimene chinkandinyansa n'choti dzanja lawo silinkachoka m'chiuno. Anali atamanga kansalu kokhuthala mkati mwa kabudula, ndipo pokhala, poyenda, ngakhale pogona, ankangokagwiragwira. Ndinaganiza kuti ndi chithumwa, ndipo ndinawauza kuti mkulu wa mpingo sayenda ndi zotere. Dzanja lawo linakhalabe pomwepo.

Tsiku lachinayi sitima yaing'ono inatisiya pamalo opanda nyumba, pali chikwangwani ndi thanki ya madzi basi. Kukafika ku Chigayo panali mamailosi asanu ndi anayi. Lole inalipo. Sindikufuna kubwereza zimene a Yesaya ananena. Tinayenda dzuwa likuswa mtengo, thukuta lili kamukamu, ndipo nsapato zanga zatsopano zinandidya zidendene mpaka ndinazivula n'kuzikoloweka m'khosi. Ndinalowa m'tauni ya eni ake ndili chosavala kuphazi, chipewa kumutu.

Tauniyo tinayamba kuimva tisanaione. Makina ophwanya miyala ankagunda usana ndi usiku, gu gu gu, pansi n'kumanjenjemera, ndipo n'chifukwa chake anthu anaitcha Chigayo. Msewu unali umodzi. Munali sitolo ziwiri, butchala, polisi, holo ya mowa ndi katchalitchi ka malata. Kumtunda kunali nsanja yachitsulo yokhala ndi gudumu lalikulu lotsitsira anthu pansi, ndipo pambali pake phiri loyera la mchenga wotayidwa, lopanda udzu ngakhale umodzi. Mphepo ikawomba, fumbi la phirilo linkagwera pa chilichonse, pamadenga, pa zovala zoyanika, m'mano. Kumunsi kunali komponi, nyumba za antchito zondandalikana ngati makola. Munthu wa ku Thyolo, wozolowera kuti kulikonse kumene wayang'ana n'kobiriwira, maso ankamuwawa. Ndinadzifunsa kuti munthu angasiye mkazi ndi mapiri akwathu chifukwa cha malo ngati awa?

Kuseri kwa sitolo kunali zipinda zogona alendo, zokhala ndi bedi ndi chitseko. A Yesaya atamva mtengo wake anaseka, koyamba pa ulendo wonsewo. Anazungulira m'komponi mpaka anapeza wophika wina wa ku Mulanje, anayankhula naye Chilomwe, ndipo munthuyo anatilola kugona m'shedi yosungira nkhuni. Nkhunizo zinali ndi eni ake, nyerere zofiira, ndipo sizinakondwe nafe.

M'mawa tinapita ku ofesi ya komponi. Tinaima pamzere mpaka dzuwa kufika paliwombo. Kalaliki wa pawindo, wa ntchito yonga yanga koma wopanda ulemu, anatsegula buku lalikulu n'kuyendetsa chala.

"Edson Namalima palibe. Nambala yake?"

"Sitikuidziwa."

"Kuno munthu ndi nambala. Wotsatira!"

Anatipatsa kapepala kotilola kukhala masiku asanu, n'kutseka nkhani. Tinakaima pachipata cha mgodi nthawi imene lipenga lowerukira limalira, kuyang'ana nkhope za anthu otuluka pansi. Onse anali oyera ndi fumbi, maso okha ofiira, moti ngakhale mayi wobereka sakanazindikira mwana wake. Tinafunsa ku holo ya mowa, a Yesaya ataima pakhomo kuopa kuti angawagulitse kanthu. Tinafunsa kutchalitchi. Tinafunsa akulu a bungwe la maliro la anthu a ku Nyasalande. Palibe amene anamvapo za Edson. Tsiku lachitatu wophika uja ndiye anatimasulira.

"Abale anga, ambirife tinalowa muno ndi zitupa za anthu ena. Wothawa pa esiteti chitupa akachitenga kuti? Amabwereka kapena kugula panjira. Dzina la pachitupacho ndi limene umalembedwa nalo, kuitanidwa nalo, mpaka kuikidwa nalo m'manda. Inetu kuno ndine Winston, koma amayi anga dzina limenelo salidziwa."

Mutu wanga unaima. Ndiye kuti tinadya nthochi zowola, kulumidwa ndi nyerere, kudzafunafuna dzina limene kunalibe! Ndinawauza a Yesaya mawu ambiri tsiku limenelo, ena osayenera kuuza munthu wamkulu. Ndinati mawa tikubwerera, ndipo akulu a mpingo akaone okha chochita ndi Lestina.

"Kapepala kakuti masiku asanu," anatero. "Atsala awiri. Talipira kale ulendo, tione tauni."

Kuona tauni kwa a Yesaya kunali kuyang'ana zinthu zosalipiritsa. Tsiku lachinayi anandizunguliritsa phiri la mchenga lija, anaima nthawi yaitali kuonerera gudumu likuzungulira, kenako anayamba kukwera msewu wopita kumtunda kumene kunkakhala azungu. Kumeneko munthu wakuda wopanda ntchito sankaloledwa. Ndinawakumbutsa za agalu, za apolisi, za kapepala kathu. Anangopitirira, ine n'kumatsimphina m'mbuyo mwawo ndi matuza anga.

Kumtundako kunali mitengo ndi kapinga, poti madzi ankafikako. Nyumba iliyonse inali ndi mpanda wa maluwa. Tinadutsa mipanda itatu, a Yesaya akupukusa mutu pa uliwonse, kung'ung'udza kuti odula ake ndi osaphunzira. Pa nyumba yachinayi, yaikulu kuposa zonse, anaima. Anayandikira mpandawo n'kuyamba kusisita nsonga za nthambi ndi chala chachikulu, imodzi imodzi, ngati munthu wosankha nyemba.

"Alamu, tiyeni! Mukufuna atimange chifukwa cha maluwa?"

"Taonani apa."

"Ndaona. Ndi mpanda."

"Mipanda ina ija adula ndi sizasi, nthambi zake n'zotafunika. Uwu adula ndi mpeni, nthambi iliyonse kamodzi. Pamwamba pake ndi tebulo. Uyu ndi munthu wa tiyi."

"Anthu a tiyi ali mbwee m'dziko muno."

"Nanga bala likupendekera kuti?"

Ndinayang'ana. Ine ndi munthu wa sikelo, koma ndinakulira pa esiteti, ndipo ndinaona. Mabala onse, kuyambira pachipata mpaka pakona, ankapendekera mbali yolakwika.

"Ndinamumenya zala miyezi itatu kuti asiye zimenezi," anatero a Yesaya. Anakhala pansi mumthunzi wa mpandawo, ndipo ndinadziwa kuti ngakhale apolisi khumi sakanawadzutsa.

Tinadikira mpaka dzuwa kupendeka. Kenako tinamva chifuwa kuseri kwa mpanda, chifuwa chouma chosatha msanga, ndipo pachipata panatuluka munthu atanyamula chitini chothirira maluwa. Edson anachoka kwathu ali mnyamata wa mapewa otambalala. Uyu anali wowerama, tsitsi la imvi, khosi ngati la nkhuku yonyowa. Ndikanakumana naye pamsewu ndikanamupatsa moni wa agogo. Koma m'lamba mwake, mbali ya kumanzere, munali mpeni wokhota wodulira tiyi.

"Edson," anatero a Yesaya.

Chitini chinagwa, madzi n'kutayikira m'fumbi. Dzinalo anali asanalimve zaka khumi ndi ziwiri. Kumeneko anali Peterson.

Anatilowetsa pakhomo la kumbuyo, m'kachipinda kake kuseri kwa galaja. Ine ndinali nditakonza mawu kuyambira ku Luchenza, onena za mkazi wachiwiri, za ana a kuno, za ndalama zothera ku mowa. Ndinayang'ana uku ndi uku. Munali mkeka, bulangete limodzi, kapoto ndi bokosi lamatabwa. Mkazi munalibe, ndipo zinkaonekeratu kuti simunakhalepo mkazi. Anatiuza mopumira kuti anagwira ntchito yoboola miyala pansi zaka zisanu ndi zitatu, fumbi linamulowa m'chifuwa, dokotala anamuchotsa, ndipo bwana wa mgodi anamusunga kuti azisamala maluwa ataona mmene amadulira.

"Nanga makalata?" anafunsa a Yesaya.

"Ndikanalemba chiyani, achimwene? Anzanga amabwerera ndi njinga, masutikesi, galamafoni. Ine ndibwerere ndi chifuwa? Chaka chilichonse ndimati chaka chamawa."

A Yesaya sanamukalipire. Anaimirira, anamasula kansalu ka m'chiuno kaja, anatenga mpeni wawo n'kudula ulusi wake. Munalibe chithumwa. Munali ndalama, zina zamapepala zofewa ndi thukuta, zina zachitsulo zokulungidwa m'tinsanza kuti zisalire.

"Iyi ndi tikiti yako yobwerera. Ndinayamba kusunga chaka chimene makalata anasiya. Inaperewera pang'ono, ndawonjezera ya kamba wathu. Tenga bulangete lakolo, tizipita."

Edson anayang'ana ndalamazo. Anayang'ana bokosi lake, anayang'ana pakhomo. Ndikunena zoona, munthu uja anali atatsala pang'ono kunyamuka. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Alamu, nanga a Lestina? Angandilandire mmene ndililimu?"

Apa ndi pamene ndimafuna nditabwerera n'kudzitseka pakamwa ndi chisanza. Koma taganizani mmene ndinalili. Njala ya sabata yathunthu, mapazi a zilonda, thupi lonse zotupa za nyerere, ndipo ndangomva kumene kuti tiyi amene ndinkapempha m'masiteshoni anamanidwa chifukwa cha munthu ameneyu, amene anasiya mlongo wanga akufolera yekha nyumba zaka khumi ndi ziwiri chifukwa cha manyazi a njinga. Mtima unandikwera.

"Akulandireni? Mwakumbuka lero kuti muli ndi mkazi? Lestina wapeza munthu, a Blackson a telala, munthu wokhala pakhomo. Ife sitinabwere kudzakunyengererani. Tabwera kuti mumusudzule, basi!"

A Yesaya anandiyang'ana. Kukanakhala bwino akanandimenya. Edson anagwetsa nkhope nthawi yaitali. Kenako anasolola mpeni m'lamba mwake, anaupukuta pa malaya, n'kuuika m'manja mwanga ndi manja awiri.

"Ankhoswe nonse mwamva. Ndawamasula a Lestina. Akwatiwe, ndilibe nawo mlandu. Umboni ndi umenewu, china ndilibe."

"Tiye ukakhale kwa ine," anatero a Yesaya. "Nyumba ilipo."

"Ndikakhale ndikuwaonerera akudutsa pa njinga ya telala? Iyayi, achimwene. Kuno kuli bwino. Mpeni ndigula wina."

A Yesaya anamuchonderera mpaka dzuwa kulowa, anabwereranso m'mawa mwake, koma Edson anakana. A Yesaya anabwereka singano kwa wophika uja n'kusokereranso ndalama zija m'kansalu. Pobwerera tinayendanso wapansi mamailosi asanu ndi anayi aja, ndipo m'sitima tinatafuna makaka ndi madzi a pampopi. Ulendo uno sindinapemphe tiyi. Komabe mumtima ndinkadzilimbitsa kuti chimene ndinapitira ndachipeza, ndipo mlongo wanga ndamuwombola.

Titafika ku Changata ndinamupeza Lestina kumunda. Ndinamufotokozera zonse, za fumbi, za chifuwa, za kachipinda, ndipo pomaliza ndinatulutsa mpeni uja monyadira.

"Wakumasula. Tsopano a Blackson atha kutumiza ankhoswe."

Lestina anaulandira mpeniwo, anautembenuza, anaika chala pamene chigwiriro chinadyeka ndi dzanja la mwini wake.

"Anandifunsa?"

"Anafunsa ngati ungamulandire mmene alili."

"Inu munati chiyani?"

Ndinamuuza. Anandiyang'ana ngati mmene anandiyang'anira a Yesaya.

"Achimwene, ine ndinati mukamuone. Zosudzulazo anakutumani ndani? A Blackson anabwera kwa inu, kwa ine sanabwere. Zaka zonsezi mumayesa ndimadikira telala?"

Zaka khumi ndi ziwiri ndinkamumvera chisoni mlongo wanga, koma sindinamufunsepo ngakhale tsiku limodzi chimene iye ankafuna. Lestina anatembenukira kwa a Yesaya, amene anali ataima pambali, n'kugwada.

"Alamu, mukawatenge. Chifuwa tidzachiona konkuno. Mpeniwu ndikuwasungira."

Ndinalemba makalata atatu kwa Peterson wa m'maluwa ku Chigayo, kupepesa ndi kufotokoza. Yankho silinabwere. Mwina sanafike, mwina anawaona ngati chisoni chabe cha munthu amene anamutukwana. A Yesaya sakanachoka nthawi yomweyo. Ya tikiti yawo panalibe, ndipo munthu wokhala m'nyumba ya esiteti akasowa nyengo ya ntchito amapeza katundu wake panja. Anayenera kudikira kudulira kwa chaka chotsatira kuthe. Chaka chimenecho kuuma manja kwawo kunafika poipa, moti machesi anasiyiratu kugula, moto ankakapala kwa anansi. Ine ndinagulitsa nsapato zija ndi chipewa n'kuwapatsa ndalamayo. Analandira. Nditati ndiwaperekeze, anakana.

"Ndalama yanu ipite. Pakamwa panu patsale."

Anandipsetsanso mtima, koma ndinatsala.

Ananyamuka mu Seputembala 1957 ndi thumba la makaka, kansalu kali m'chiuno. Patatha masabata awiri ndinayamba kupita ku Luchenza tsiku lililonse la sitima. Lestina anali atazira nyumba, atagula mkeka watsopano. Tsiku lachitatu lodikira ndinawaona akutsika, thumba lopanda kanthu paphewa. Ndinayang'ana kumbuyo kwawo. Anatsika amayi a mtolo, anatsika asilikali awiri, kenako sitima inanyamuka.

"Alamu, mwamupeza?"

"Ku ofesi sindinapiteko. Ndinangokwera kumtunda kuja." Anaika thumba pansi. "Mpanda uja akudula ndi sizasi."

Anati wophika uja ndiye anawaonetsa manda, kuseri kwa phiri la mchenga. Edson anamuika mu Juni, nthawi imene ife kuno tinali pakati pa kudulira. Pathabwa analemba kuti Peterson, ndi nambala.

Pafupi ndi siteshoni panali mayi wina wogulitsa tiyi pansi pa mtengo wa mango. A Yesaya anapita pomwepo, anakhala pabenchi, anamasula kansalu kaja pamaso pa anthu onse n'kudula ulusi.

"Mayi, tipatseni tiyi makapu awiri, wamkaka. Ndi mabanzi anayi."

Anandikankhira kapu imodzi.

"Imwani, alamu. Munkaufuna. Ndalamayi ilibenso ntchito."

Ndinaigwira kapuyo ndi manja awiri mpaka tiyi anazizira, osamwako. Iwo anamwa wawo pang'onopang'ono mpaka kutha, anakulunga mabanzi otsala m'kansalu kaja, n'kuimirira. Tinali ndi ulendo wa ku Changata, ndipo wokamuuza Lestina ndinali ine.